Inu ogulitsa ma dashikamu, maunti yanu yozungulira ija yandigwiritsa fuwa la moto

Ku inibokisi kwanu ndalemba katatu, kawiri mwangowerenga n'kukhala chete, kachitatu mwanditumizira kauthenga kanu kokonzeratu kaja koti zikomo potilembera, ndiye basi ndilembe pano poyera mwina pagulu muyankha.

Miyezi inayi yapitayo ndinagula kamera ya m'galimoto kwa inu. Kamerayo payokha ndilibe nayo mlandu, ikujambula 1080p bwinobwino, ngakhale usiku imayesetsa. Nkhani yanga ndi maunti, chogwirira chija chimamatidwa pagalasi lakutsogolo. Tsiku logula panali mitundu iwiri. Ina yokhazikika, yomata ndi tepi, kamera imangolowa n'kukhala nji, chosuntha ndi diso lokha kukweza kapena kutsitsa. Inayo yozungulira, ili ndi kamkono, kampira kolumikizira, kanati kapulasitiki komangira ndi labala yoyamwa galasi ija. Ine ndinaloza yokhazikika. Mnyamata wanu akuti ayi bwana tengani yozungulirayi, iyi ndiye yamakono, imatembenuka 360, wina akabwera pa windo kudzakuvutitsani mungoitembenuza ijambule nkhope yake. Sanandifunse misewu yomwe ndimayenda, sanafunse ngati galimoto imaswera padzuwa kapena pamthunzi, sanafunse ngati kamerayo ndizidzaisamutsira m'galimoto ina, iye zake ndi 360 basi. Ine poona kuti wodziwa ndi amene akugulitsa ndinamvera.

Masabata oyamba zinali bhobho. Kenako kampira kaja kanayamba kukhwefuka, ukangodutsa pa hampu kamera yawerama ngati ikupepesa, uiwongole, umange kanati, mawa yaweramanso. Kanati kake ndi kapulasitiki, galimoto ikakhala padzuwa mawindo otseka mkatimo mumatentha koopsa, pulasitiki imafewa, ndiye ukamamanga tsiku ndi tsiku mazinga amadyeka, pano ndikamanga kamangozungulira osagwira.

Ndipo ngakhale isanawerame, vidiyo yake inali ikunjenjemera kale. Ndachita kufufuza ndekha chifukwa chake poti inu simunandiuze. Kamkono kaja kamaika kamera patali ndi galasi, ndiye kagwedegwede kakang'ono ka galimoto kakafika ku diso kamakhala katakula, pomwe yokhazikika kamera imakhala yokakamira pagalasi, imagwedezeka limodzi ndi galimoto basi. Komanso makamera amenewa sajambula chithunzi chonse kamodzi, amachiwerenga mzere ndi mzere kuchokera pamwamba kutsika, ndiye ikamanjenjemera mapolo a magetsi amaoneka opindika, msewu ukuchita mafunde. Munthu amaika dashikamu chifukwa cha nambala puleti, si kuti azionera mitengo ya m'mbali mwa msewu ayi. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi, nambala imawerengeka kanthawi kochepa zedi, kamera ikagwedera nthawi yomweyo ndiye kuti yapita.

Chinanso chomwe chinandizunguza mutu, memore khadi ya 64GB inkadzaza msanga ndi mavidiyo okiyidwa. Ndimaganiza kuti khadi ndi yabodza, kumeneko ayi. Mkati mwa kamera muli G-sensor, ikamva kugunda imaganiza kuti ndi ngozi n'kukiya vidiyoyo kuti isafufutidwe pomwe zakale zikufufutika zokha, ndiye poti maunti ikugwedera, bampu iliyonse kwa iyo ndi ngozi. Ndachepetsa mphamvu ya sensa mu setingi koma vuto lili pa maunti, osati pa sensa.

Za labala yoyamwa galasi ndisachite kutalikitsa, kawiri ndapeza kamera ikulendewera pa waya dzuwa litaswa. Komanso labala imeneyi sigwira pa timadontho takuda tija tozungulira galasi loonera kumbuyo, mpweya umalowa, ndiye malo abwino obisika kuseri kwa galasiko sindingaikepo, ndinachita kuitsitsa pansi pomwe imanditchinga maso.

Tsono Lachinayi lapitali ndi lomwe landilembetsa zonsezi. Galimoto ina inandipitirira mothina, n'kundikhula bampa ndi nyali yakutsogolo, osaima. Ine mtima m'malo, ndikuti thawa uone, kamera yakuona. Kufika kunyumba ndatulutsa khadi, ndaika pa kompyuta, abale inu, vidiyo yonse ndi dashibodi ndi kachidutswa ka boneti. Kamera inali itawerama pa hampu yomwe ndinadutsa mphindi zingapo m'mbuyomo ine osazindikira, si maso anali pamsewu. Phokoso la kugundako likumveka bwinobwino, ndi mawu anga omwe sindingawalembe pano, koma galimoto ija siikuoneka ngakhale mtundu wake. A inshuwalansi akufunsa vidiyo, ndiwapatse chani, dashibodi yanga?

Sindikunena kuti yozungulira ndi yachabe kwa aliyense. Wa takisi amene nthawi zina amafuna kujambula mkati, kapena munthu amene ali ndi galimoto ziwiri kamera imodzi, kapena wa lole amene galasi lake ndi loimirira moti yokhazikika singaloze bwino msewu, amenewo ikhoza kuwathandiza. Koma ine galimoto ndi imodzi, kamera ndimafuna kuimata kamodzi n'kuiiwala. M'miyezi inayi yonseyi kuitembenuzira ku windo kuja sindinapangepo ngakhale kamodzi, ndipo mukaganiza bwino, munthu wadzidzidzi wafika pa windo, nthawi yomasula kanati n'kutembenuza kamera uitenga kuti, pomwe ukatembenuza kutsogolo sikukujambulidwanso. Wofuna mkati ndi kunja agule kamera ya maso awiri, mumagulitsanso inu nomwe.

Chomwe chandipweteka kwambiri ndi yankho lomwe ndinalandira nditabwera nayo Loweruka. Akuti waranti ndi ya kamera yokha, maunti ndi chowonjezera. Ndati chabwino ndigulitseni yokhazikika payokha, akuti sitigulitsa payokha mugule seti yonse. Ndati ndikagula kwina, ndapeza kuti polowetsera pake ndi panupanu, komanso GPS ndi waya wa moto zimadzera mu maunti momwemo, ndiye ina iliyonse singalowe. Chinthu choti popanda icho kamera siyaka n'komwe mukuchitcha chowonjezera bwanji? Pamwamba pa zonsezo mtsikana wa pa kauntala akundiuza kuti mwina bambo mumamanga molakwika. Kanati kamodzi, kumanga kwake kolakwika ndi kotani?

Bampa sindikukulipiritsani, wothawa uja si inu. Ndikufuna mundisinthire maunti iyi ndi yokhazikika yomwe ndinaloza poyamba ija, tepi yake ikhale yatsopano, galasi ndipukuta ndekha ndi sipiriti n'kuisiya tsiku lathunthu igwire ndisanapachike kamera. Ndipo anyamata anu aja muwauze azifunsa kaye munthu mmene amayendera asanayambe nyimbo ya 360. Risiti ndili nayo, bokosi lilipo, vidiyo ya dashibodi ija ndikhoza kuiponya pompano ngati mukukayika. Panopa kamera ndaipanikiza ndi kapepala kopinda komanso labala yomangira ndalama kuti isawerame. Muyankhe pansi pompano, ku inibokisi ndatopako.