Kuzizira kwa ku Dedza kukunamiza anyamata a magemu

Akonzi,

Ndipatseniko kadanga m'nyuzipepala yanu ndiyankhuleko ndi anyamata osewera magemu pa kompyuta, makamaka a kuno kwathu ku Dedza. Ine ndimakonza mafoni ndi makompyuta m'kashopu kanga kufupi ndi depoti pa boma pano, ndipo chaka chino chokha andibweretsera makina atatu odwala nthenda imodzi. Eni akewo amaitcha overclock.

Kwa makolo amene mawuwa ndi achilendo: purosesa, kachipangizo kamene kamawerengera zonse mu kompyuta, imabwera ndi liwiro lomwe a kufakitale anaiikira. Mwachitsanzo Intel Core i5-2500K, yomwe inatuluka mu 2011, imayenda pa 3.3 GHz. Liwiro limeneli limachokera pa 100 MHz kuchulukitsa ka 33. Munthu akalowa mu BIOS, pulogalamu yoyang'anira zipangizo za mkati yomwe imayamba kompyuta ikangoyatsidwa, n'kusintha 33 uja kukhala 45, purosesa imayamba kuthamanga pa 4.5 GHz, ndipo imeneyo ndiyo overclock. Zikumveka ngati phindu laulere. Koma kuti iime pa liwiro limenelo imafuna kuiwonjezera magetsi, ndipo kutentha kumakwera msanga kuposa liwirolo.

Makina oyamba pa atatu aja anali a mphwanga, mwana wa mlongo wanga. Anagulitsa kachewere wake ku Bembeke, n'kukagula kompyuta yakale ku Lilongwe, yokhala ndi 2500K yomweyi. M'mwezi wa June anaikweza kufika pa 4.5. Inu mukudziwa mmene June amakhalira kuno: nkhungu imatsika m'phiri la Dedza, anthu n'kumayenda atavala majekete dzuwa lili paliwombo. Kompyuta ija inkapuma mpweya wozizira ngati wa mufiriji. Mnyamatayo anabwera kudzandionetsa chithunzi pa foni, kutentha kuli pa madigiri 70 ndi pang'ono. "Malume, mumati ipsa, taonani!" Ndinangomuuza kuti tidikire October.

October anafikadi. Chipinda chake n'cha malata opanda siling'i, masana mumakhala ngati mu uvuni ya njerwa. Loweruka lina anasonkhana ndi anzake kupikisana pa gemu ya mpira ya FIFA, masewero ali mkati sikirini inangosanduka yabuluu. Anayatsanso, n'kuzimanso. Kachitatu inangoti zii, fani ikuzungulira koma sikirini yakuda bii. Anaibweretsa pa kabaza ataikulunga m'chitenje cha mayi ake, nkhope ili ngati wochokera kumaliro. "Malume, yafa."

Siinafe ayi. Ndinachotsa kabatire kozungulira ka CR2032 kamene kamakhala pa motherboard, bolodi lalikulu lolumikiza zipangizo zonse, n'kudikira mphindi zingapo kuti BIOS iiwale zonse zimene anaiuza, ndipo itayatsidwa inadzuka. Koma zimene ndinapeza nditamasula fani, Akonzi! Fumbi la mphepo ya August linali litamatana pakati pa timapiko ta heatsink, chitsulo chochotsa kutentha pa purosesa, ngati chigamba cha bulangeti, moti ndinachita kulisenda ndi chotokosera m'mano. Mafuta otuwa aja opaka pamwamba pa purosesa, a thermal paste, anali atauma n'kung'aluka ngati dothi la kudambo m'chilimwe. Fani yakenso inali kaja kakang'ono kobwera m'bokosi limodzi ndi purosesa, komwe sanakapangire ntchito yotere. Purosesa za mtundu umenewu zikayandikira madigiri 100 zimadzichepetsera zokha liwiro kuti zisapse, ndiye kuti kwa masabata angapo mphwangayo ankanyadira 4.5 yongolembedwa, makina akuyenda pang'onopang'ono kuposa mmene anawagulira.

Zimenezo n'zachibwana, zimakhululukika. Chomwe chandilembetsa kalatayi ndi makina achiwiri ndi achitatu. Anyamata awiriwa analipira ndalama kwa munthu wina wodzitcha katswiri, amene amadzitsatsa m'magulu a WhatsApp, kuti awapangire overclock pa makompyuta aja ochokera m'maofesi, monga Dell OptiPlex. Makina amenewo BIOS yake ndi yotseka, mulibe n'komwe poti musinthe nambala ija. Kwa Intel pamafunika purosesa yokhala ndi chilembo K kumapeto, pamodzi ndi motherboard yolola, monga za gulu la Z. Kwa kampani ina ya AMD, mapurosesa awo a Ryzen amabwera otsegula, koma motherboard ikhale ya B kapena X. Ndiye katswiriyu anachita chiyani? Anangowaikira timapulogalamu tokayikitsa totsitsa pa intaneti, timene timaonetsa geji yofiira ikuvina, n'kulandira zake. Imodzi mwa makompyutawo inabwera itadzaza mavairasi, ndinachita kuifafaniza yonse, ndipo zithunzi za ukwati wa mchemwali wa mwini wake zinapita nazo limodzi.

Komanso tinene zoona, phindu la overclock pa magemu ambiri ndi lochepa ngati graphics card, khadi yojambula zithunzi pa sikirini, ili yofooka. Ya mphwanga inali kakhadi kotchipa kongothandiza kuti sikirini iyake. Gemu ya GTA V inkadukiza pa 3.3, ndipo inkadukizabe pa 4.5, chifukwa chomwe chinkalemedwa ndi khadiyo. Kuli ngati kukwapula ng'ombe yamphamvu pamene ngolo yaphwa tayala. Ndinamuikira RAM (memori yomwe kompyuta imagwiritsa ntchito ikamayenda) yachiwiri yofanana ndi yoyamba kuti zikhale 8 GB zoyenda ziwiriziwiri, ndipo kusintha kwake anakuona tsiku lomwelo. SSD, chosungira mafayilo chachangu, nayo imachititsa kuti gemu itseguke munthu asanamalize kumwa tiyi.

Pali nkhani inanso ya magetsi. Amathima osatsanzika, ndipo madzulo ena amabwera ofooka moti babu imangoti psuu. Mavidiyo a pa YouTube amene anyamatawa amaonera amajambulidwa m'zipinda zoziziritsidwa ndi makina, magetsi osagwedera, power supply (bokosi logawa magetsi mu kompyuta) yodula. Ife kuno zambiri ndi zija zopepuka ngati chitini chopanda kanthu, zolembedwa 500W koma osafikako. Zikaphulika zimatenga ndi motherboard yomwe. Ndipo Intel sabweza purosesa yoonongeka chifukwa cha overclock, nanji yogula kwa munthu pamsika.

Sindikuletsa. Inenso ndinaphunzira ntchitoyi poononga zinthu, ndipo mnyamata wolimba mtima kulowa mu BIOS ndimamuona kuti mutu wake ukugwira. Koma wofuna kuyesa ayambe wapukuta fumbi, apake paste watsopano, agule fani yaikulu. Akweze nambala ija kamodzikamodzi, 34, 35, 36, osati kulumpha. Pa sitepe iliyonse atsegule pulogalamu yoonetsa kutentha, Core Temp kapena HWMonitor, ayendetse Prime95, pulogalamu yolemetsa purosesa, kwa ola lathunthu, ndipo purosesayo ikadutsa madigiri 80 abwerere m'mbuyo. Pa purosesa ngati ya mphwangayi ine sindidutsa magetsi a mavoti 1.35. Chachikulu, kuyesako kuchitike masana a October cha m'ma 2 koloko, m'chipinda chomwecho chimene amasewereramo, chitseko chili chotseka monga amachitira akamabisala kwa mayi awo.

Ya mphwanga tinaisiya pa 4.0, ndipo yadutsa November osazima. Akusunga ndalama za graphics card, ngakhale dzulo ndamumva akufunsa mnzake ngati khadi nayonso imatheka kuikweza.

Wokonza makompyuta,
Dedza Boma