Ndibwerere kwathu ndi mwana wodwala, kapena ndipirire pa utumiki?

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 38, mkazi wa abusa. Kwathu ndi ku Zomba, koma ndikulemba ndili ku Mozambique, m'chigawo cha Niassa, kumene mpingo wathu unatituma mu 2021 kudzatumikira pakati pa Ayao. Dzina langa ndi la mpingo ndasiya dala. Nkhani yanga ndi ya mwana wathu wamwamuna wa zaka 8 amene akudwala khunyu, komanso ya abambo ake amene safuna kuti anthu amene anatituma adziwe zimenezi.

Timakhala m'mudzi wina wa m'boma la Ngauma, cham'kati pang'ono kuchoka pa msewu wa Mandimba kupita ku Lichinga. Kuno ndi kumapiri, June ndi July kumazizira zedi. Pafupifupi anansi athu onse ndi Asilamu. Chisilamu chinafika kwa Ayao m'zaka za m'ma 1800 kudzera m'malonda a kunyanja yamchere, ndiye munthu akati ndine Myao, nthawi zambiri watanthauzanso kuti ndi Msilamu. Wolowa Chikhristu amaoneka ngati wakana abale ake. N'chifukwa chake ntchito ya kuno siyenda ndi misonkhano ya chitsitsimutso ndi zimkuzamawu monga kwathu. Abusa amayenda pa njinga yamoto m'midzi, kukhala pakhonde ndi akuluakulu, kupita kumaliro, kuthandiza kukonza mjigo ukawonongeka. Lamulungu timasonkhana m'kachisakasa ka udzu, ndipo tikakwana 20 ndiye kuti kwabwera anthu. Ine ndimaphunzitsa amayi kuwerenga ndi kulemba masana akaweruka kumunda.

Mwanayu anadwala malungo aakulu nthawi ya dzinja kumayambiriro kwa 2023. Anakomoka, tinathamanga naye ku Lichinga, ndipo Mulungu anatichitira chifundo, anatsitsimuka. Tinkayesa kuti zatha. Patapita miyezi anayamba kugwa. A chipatala anatiuza kuti zimachitika ndithu, ana ena amene malungo anawafika ku ubongo amatsala ndi khunyu.

Tsiku lina m'mawa ndinali kuseri ndikuyanika zovala, iye atakhala pafupi ndi mafuwa kuwotha moto podikira phala. Ndinangomva chiwaya chikugubuduka. Pofika ndinapeza mayi wa nyumba yoyandikana nafe atamukoka kale pamoto, atamugoneka pa chitenje chawo, iye akuphiriphitha, maso atatembenuka, thovu kukamwa. Amayi ena amene anathamangira anaima patali atagwira ana awo, chifukwa kuno, monganso kwathu, ambiri amakhulupirira kuti ukakhudza thovulo kapena wodwalayo akatulutsa mpweya woipa uli pafupi, nawe utenga nthendayo. Mayi amenewa, Msilamu wosaphonya swala, sanalabadire zimenezo. Anamupukuta kukamwa ndi mpango wawo wa kumutu. Mwanayo ali ndi chipsera kuyambira pachigongono mpaka pamkono, ndipo kuchokera tsiku limenelo sindimuchotsa diso. Kumtsinje sapita, mumtengo wa mango sakwera, ndikamaphika amakhala pakhonde. Usiku akangotembenuka pamphasa ndimadzidzimuka.

A chipatala anatilangiza bwino: akagwa tizimugoneka cham'mbali, tisamuike supuni kapena chala m'kamwa, tisamupanikize, ndipo kugwako kukapitirira mphindi zisanu tizithamanga naye. Anatitsimikizira kuti khunyu sapatsirana. Anamuyambitsa phenobarbital, kumwa tsiku lililonse osadumphitsa. Mankhwalawa achepetsako kugwa, koma mwanayo amakhala wa tulo, sachedwa kupsa mtima, ndipo kusukulu wabwerera m'mbuyo. Sukulu ya kuno ndi ya Chipwitikizi, chimene ankalimbana nacho kale asanadwale. Atagwa kamodzi m'kalasi, anzake anasiya kukhala naye pafupi. Pano m'mawa uliwonse ndi nkhondo kuti avale yunifomu.

Vuto lina ndi kapezedwe ka mankhwalawo. Pachipatala chaching'ono cha kufupi kuno nthawi zina amapezeka, nthawi zina ayi, ndiye zimatengera abusa kupita kutauni kapena kuwoloka pa Chiponde kukagula ku Mangochi. Ndalama yathu imachokera kumudzi m'makwacha. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, zimene tinkalandira tikasintha kukhala meticais, ndalama ya kuno, zinangosungunuka, pomwe zikalata zotiloleza kukhala m'dziko muno zimafunanso ndalama. Kenako kunabwera zipolowe za pambuyo pa chisankho cha October 2024, anthu akutseka misewu m'madera ambiri, ndipo tinkachita mantha kuyenda. Nthawi imeneyo ndinkawerenga mapilitsi otsala m'kabotolo usiku uliwonse, mtima uli m'mwamba, chifukwa anatichenjeza kuti kusiya mankhwalawa mwadzidzidzi kungabweretse kugwa koopsa kuposa kale.

Zonsezi ndikanapirira, Azakhali. Chimene chikundidya mutu ndi cha m'nyumba mwanga.

Mwezi uliwonse abusa amalemba kalata yopita ku komiti ya umishonale ndi kumipingo imene imatithandiza, ndipo imafalitsidwa pa WhatsApp. M'kalatamo mumakhala zithunzi za amayi a sukulu yakwacha, mjigo wokonzedwa, mkulu wina amene wayamba kumvetsera Mawu pa kawailesi ka sola. Kumapeto amalemba kuti, “Banja lonse lili bwino, pitirizani kutipempherera.” Za malungo aja analemba, ndipo analemba ngati umboni wa machiritso. Anthu anaimba aleluya, amayi a chigwirizano anatumiza shuga ndi sopo. Za khunyu sanalembepo ngakhale liwu limodzi. Pa chithunzi cha banja amamuveka mwanayo malaya aatali manja.

Ndikawafunsa amati komiti ikadziwa itiitanitsa kumudzi, ndipo palibe wina adzabwere kuno, chifukwa ngakhale ifeyo anatipeza movutikira. Amati anthu a kwathu sachedwa kunena, ena adzati abusa ali ndi tchimo lobisika, ena adzati alodzedwa ndi anthu a kumeneko, ndipo zopereka zidzatsika. Amandikumbutsa Luka 9:62, za wogwira khasu n'kumayang'ana kumbuyo. Ine ndinawayankhapo ndi 1 Timoteo 5:8, za munthu wosasamalira a m'banja lake, ndipo usiku umenewo nsima inagona m'mbale. Chiyambire ukwati wathu sitinaponyeranepo mavesi chotero.

Musawaone ngati munthu wouma mtima. Mwanayu amamukonda. Akagwa ndi iwo amene amamunyamula, ndipo ndawapezapo kuseri kwa nyumba akulira okha. Amasala kudya chifukwa cha iye. Anaphunzira Chiyao mpaka kumaseka nthabwala ndi akuluakulu a m'mudzi, zimene sizichitika msanga kwa mlendo. Mfumu ya kuno, imene poyamba inkangotiyang'ana, pano imawaitana pakakhala mlandu woti amve nawo. Ndikumvetsa kuti kusiya zimenezi kuli ngati kuchoka m'munda chimanga chitangomasula ngayaye. Koma mawu oti “banja lonse lili bwino” ndi bodza, ndipo tikulitumiza kwa anthu amene amadzimana kuti ife tidye. Mayi wamasiye wa ku mphakati kwathu amene amapereka K2,000 yake ali ndi ufulu wodziwa chimene akupempherera.

Ndipo chinsinsicho n'cha kumudzi kokha, kuno aliyense akudziwa. Anansi ena, mwa chikondi ndithu, amandiuza kuti ndi majini, ndipite naye kwa shehe akamulembere chithumwa. Ndimakana mwaulemu. Akhristu athu ochepawo amayang'anitsitsa kuti aone ngati Yesu amene timalalikira achiritse mwana wa abusa. Mnyamata wina amene anakanidwa ndi abale ake chifukwa chobatizidwa anandifunsa maso ndi maso kuti, “Amayi, nanga mapemphero aja?” Ndinamuyankha kuti Mulungu amachiritsanso kudzera m'mankhwala, ndipo ndimakhulupiriradi zimenezo. Koma abusa amaona ngati tikanyamuka kupita ku Malawi chifukwa cha matenda, anthu awa adzati Mulungu wa Akhristu walephera, abusa athawa. Ine maganizo anga ndi ena. Anthu a kuno amaika ana awo m'manda chaka ndi chaka chifukwa cha malungo. Sindikhulupirira kuti angatinyoze poona tikuthamangira moyo wa mwana. Mayi anamuchotsa pamoto aja anandiuza okha kuti akanakhala ndi kwina kopita naye mwana wotere, sakanagona.

Kumudzi nako kwavuta. Amayi anga ndinawauza, sindikanatha kuwabisira. Iwo anauza achimwene anga aakulu, amene ndiwo mwini mbumba, ndipo kwathu ku Zomba mukudziwa kuti mawu a malume pa mwana salemera pang'ono. Achimwene akuti mwana abwere, akapanda kutero adzabwera okha kudzamutenga, ndipo ayamba kale kunena zoitana ankhoswe. Akuti mlamu wawo akufuna kupereka mwana wa eni ake nsembe chifukwa cha dzina. Mawu amenewa sindinawafikitse kwa abusa. Apongozi anga akuchimuna sakudziwa kalikonse.

Tilinso ndi mwana wamkazi wa zaka 13 amene tinamutumiza kale kwa mng'ono wanga ku Zomba kuti akalembe mayeso a Sitandade 8, popeza maphunziro a kuno ndi a kwathu sagwirizana, ngakhale chaka cha sukulu chimayamba nthawi zosiyana. Pafoni amangoti “ndili bwino amayi,” koma mng'ono wanga akuti wayamba kudzitsekera m'chipinda. Wafika msinkhu wofuna mayi ake pafupi. Tsono mwana mmodzi ali kutali ndi ine, wina ali pafupi koma kutali ndi chithandizo.

Ulendo wathu womaliza ku Malawi ndinapita naye kwa dokotala wa ana ku Blantyre. Anati alipo mankhwala ena, monga sodium valproate kapena carbamazepine, amene mwina angamuyanje kuposa amene akumwawa, koma kusintha kumafuna kuchita pang'onopang'ono, dokotala akumuona pafupipafupi, komanso kutsimikiza kuti mankhwala atsopanowo sadzasowa. Ali kuno zimenezo sizingatheke. Nampula, kumene kuli chipatala chachikulu cha kumpoto kwa dziko lino, ndi kutali kuposa Blantyre. Dokotalayo ananena mosapsatira kuti mwanayu akhale kufupi ndi chipatala kwa miyezi ingapo, mwinanso chaka. Abusa anali pomwepo, anamva ndi makutu awo. Pobwerera m'basi anangoti, “Tipemphere kaye.” Mpaka lero tikupempherabe.

Ndinawapempha kuti ine ndi mwana tikakhale ku Zomba kwa kanthawi, iwo atsale kuno azibwera kudzationa. Akukana. Akuti m'busa wokhala yekha m'mudzi ngati uno sangalowe pakhomo la munthu mwamuna wake kulibe, ntchito ya amayi idzaima, ndipo mphekesera sizichedwa. Apa akunena zoona, sindingatsutse. Akutinso komiti idzafunsa chifukwa chimene mayi busa achokera, ndiye chinsinsi chija chidzaululika basi. Ndinatchulapo zosamukira ku Mandimba, kufupi ndi malire, kuti Mangochi ikhale pafupi. Akuti kumeneko n'kuyambanso pachiyambi ndi anthu ena.

Nanenso sikuti ndikulakalaka kuchoka. Maitanidwe awa sanali a abusa okha, tinagwada tonse pamaso pa mpingo tsiku lotituma. Amayi amene anayamba osadziwa kugwira pensulo pano amawerenga okha zolembedwa pa khadi la kusikelo, ndipo ndikaganiza zowasiya mtima umandipweteka. Koma ndatopa, Azakhali. Ndaonda, sindiona tulo, ndipo mutu umandiwawa pafupipafupi. Kwathu mayi busa akavutika amapita kwa mayi busa mnzake kapena kwa amayi akuluakulu a mumpingo. Kuno ine ndiye wamkulu wa onse, aliyense amabweretsa mavuto ake kwa ine.

Nambala ya wapampando wa komiti ndili nayo m'foni. Ndi bambo wachikulire, womvetsa zinthu, ndipo akazi awo anali namwino. Ndimatha kulemba uthenga wonse, kenako n'kufufuta. Ndikautumiza abusa osadziwa, ndawachotsa ulemu pamaso pa akuluakulu awo, ndipo sindikudziwa ngati banja lathu lingadzakhalenso chimodzimodzi. Ndikapanda kutumiza, ndiye kuti ndikuvomereza bodza lija mwezi ndi mwezi, uku mwana akumwa mankhwala omugonetsa m'kalasi.

Ndithandizeni maganizo. Kodi ndiwauze abusa kuti ngati salemba okha pofika mwezi wamawa ndilemba ndine, kapena kumeneko ndi kuwaopseza? Kodi ndilole achimwene aitane ankhoswe, podziwa kuti nkhani ikafika kumeneko mpingo umva ndithu, ndiponso umva mokhota? Nanga ndikangonyamula mwanayu n'kupita naye ku Zomba popanda chilolezo chawo, ndachimwira Mulungu ndi mwamuna wanga? Ngati pali amayi abusa kapena amishonale ena amene anadutsamo m'zoterezi, ndikufuna kumva mmene mipingo yawo inachitira atanena zoona: anawabweza kumudzi n'kutseka ntchito, kapena anawapatsa tchuthi cha matenda n'kupeza wogwirizira?

Mvula yayandikira, udzudzu uyambanso, ndipo msewu wochoka m'mudzi muno kukafika pa tala ukangolowa madzi njinga yamoto siidutsa bwino. Ndikufuna ndikhale nditadziwa chochita isanagwe.

Ine mayi busa wothedwa nzeru,
Niassa, Mozambique