Miyambi ya pa chilangizo ikutsekera akazi pakamwa, tithandizeni

Okondedwa Alangizi,

Ndine nkhoswe kuno ku Kapata, mu Chipata, m'dziko la Zambia, ndipo ndalemba m'malo mwa anzanga amene timakhala nawo pa milandu ya mabanja. Chatisautsa ndi miyambi.

Banja likavuta, wodandaula amapita kwa nkhoswe, nkhosweyo n'kuitana mnzake wa mbali inayo. Timamva mkazi payekha, mwamuna payekha, kenako n'kuwakhazika pamodzi, ndipo potseka wamkulu amaponya mwambi. Apa m'pamene pamalakwika.

Asanalowane, miyambi imathandiza ndithu. Mnyamata wotengeka ndi nkhope timamuuza kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndiye ayambe wafufuza. Mtsikanayo amalankhula bwanji ndi makolo ake? Akakwiya amatani? Mtsikana nayenso timamuuza aone ngati mnyamatayo amabweza ngongole, komanso amakhala munthu wotani akamwa.

Koma akalowana, miyambi imapendekera mbali imodzi. Mkazi akabwera ndi diso lotupa amamva zoti banja ndi kupirira. Mwamuna akagona kunja, ena amangoseka n'kuti mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda. Vuto ndi lakuti mwambi sautsutsa. Wamng'ono akayesa kuyankha, amamuuza kuti mawu a akulu akoma akagonera, iye n'kuwerama. Ankhoswe amanyamuka poganiza kuti mlandu watha, chonsecho munthu wangosowa poyankhira. Kwa Angoni, kumene kunaperekedwa ng'ombe za malowolo, zimalemera kwambiri chifukwa abale a mkazi amaopa nkhani yobweza, ndiye "pirira" amachokera kwa ake omwe. Pa chikamwini cha Achewa nthawi zina wouzidwa kupirira ndi mkamwini, koma zimenezo sizichuluka m'tauni muno.

Tikudziwa kuti lamulo la 2011 loletsa nkhanza za m'banja silinena za kumenya kokha, limanenanso za kunyoza ndi kumana mnzako ndalama za pakhomo. Tikudziwanso kuti ku polisi kuli Victim Support Unit, nthambi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza, ndiponso kuti ukwati wa mwambo umatha ku khoti la local, loweruza milandu ya mwambo. Koma achikulire ena amati nkhoswe yolozera mkazi ku polisi yaulula za m'nyumba, ndipo ntchito yake ndi kumanga banja basi.

Ndiye tiuzeni, Alangizi. Kupirira kumene mwambi umanena kumalekezera pati? Umphawi, matenda ndi kusabereka tikuvomereza kuti n'zopirirana. Nanga kumenya kukachitika kamodzi kokha, tiyambe takhazika pansi kapena tiperekeze wovulalayo ku chipatala ndi ku polisi tsiku lomwelo, zokambirana pambuyo? Tipatseninso miyambi yodzudzula mwamuna imene tingayankhire wamkulu pa bwalo popanda kuoneka achipongwe.

Ine wanu,
Nkhoswe wa ku Kapata, Chipata