Kwa mwana wanga amene akupita kukaphunzira za rada

Mwana wanga wokondedwa,

Uthenga wako ndaulandira, ndipo mayi ako andikakamiza kuti ndiyankhe msanga poti tsiku lonyamuka layandikira. Ndiye akusankha kuti ukaphunzire za rada yolondera mlengalenga. Ndakondwa kwambiri, usakayike. Koma muli mawu ena mu uthengawo amene andisowetsa tulo. Walemba kuti, "Ababa musade nkhawa, masiku ano makina amazindikira okha ndege ya mdani, ife kwathu n'kungowerenga pa sikirini." Mawu amenewa ndiwo andikhazika pansi ndi cholembera.

Ukudziwa kuti moyo wanga wonse ndagwira mainjini a ndege. Mwina chimene sunachiganizepo n'chakuti chinthu chimene rada yakoyo imawerenga ikamatchula mtundu wa ndege ndi chomwecho chimene ine ndinkachigwira ndi manja. Ukaima kutsogolo kwa injini ya jeti, choyamba kuona ndi fani yaikulu, yokhala ndi timapiko timene amakaniko timati mabuledi. Ndege ikaima pabwalo kukuwomba mphepo, faniyo imazungulira yokha pang'onopang'ono, mabuledi akulira kuti ngwe, ngwe, ngwe, chifukwa amakhala omasukirako m'mipata yawo, amadzalimba injini ikathamanga. Ndinkalowa m'kamwa mwa injini nditakhuthula zonse za m'matumba, tochi ili m'manja, n'kumayendetsa chala m'mphepete mwa buledi lililonse kufuna pamene kamwala kapena mbalame yabenthula. Ndikapapeza ndinkapala ndi tupa mpaka pasalale, kenako n'kulemba nambala ya buledilo m'buku. Sunga kanthu ka tupaka m'mutu, tikabwererako.

Rada imatumiza mafunde, mafundewo amagunda chinthu n'kubwerera. Nthawi imene atenga imaulula mtunda. Liwiro limadziwika mwa njira ina, imene Christian Doppler anaifotokoza mu 1842, ndipo iwe umaimva nthawi zonse ambulansi ikamadutsa: ikamabwera kulira kwake kumasongoka, ikangokupitirira kumatsika. Mafunde a rada nawonso amatero. Thupi la ndege lonse limayenda pa liwiro limodzi, choncho limabweza liwu limodzi loyera. Ndege ikanakhala chitsulo chongouluka chopanda chozungulira, rada ikanangonena kuti kuli chinthu, chili apo, chikuthamanga chonchi, basi.

Koma injini imapuma, ndipo kuti ipume iyenera kuyasama. Rada za ndege zankhondo zambiri zimatumiza mafunde aafupi, a masentimita atatu kapena pamenepo, ndipo mafunde otere amalowa m'mero mwa injini mosavuta, nakagunda mabuledi akuzungulira. Buledi limodzi likachoka pamalo, lina lafikapo kale. Nthawi iliyonse imene zatero, mafunde obwerera amagwedezeka. Zili ngati munthu akuyankhula kutsogolo kwa fani ya m'nyumba, mawu ake n'kumamveka odukaduka. Kudukaduka kumeneku ndiko aphunzitsi ako adzakutchule kuti Jet Engine Modulation, mwachidule JEM, ndipo ndi imodzi mwa njira zozindikirira ndege imene sikufuna kudzitchula yokha, zimene amazitcha NCTR.

Tsono tenga pepala, tiwerengere limodzi. Injini ya CFM56-7B, imene ili pa Boeing 737-800, ili ndi mabuledi 24 pa fani. Ikathamanga kwambiri faniyo imazungulira pafupifupi ka 5,000 pa mphindi, kutanthauza ka 83 pa sekondi. Ukachulukitsa 83 ndi 24 upeza pafupifupi 2,000. Ndiye kuti mafunde obwerera akugwedezeka ka 2,000 pa sekondi, ndipo kompyuta ikawasanthula imaona mizere yotalikirana mofanana mbali iyi ndi iyo ya mzere wa thupi la ndege. Apa pali msampha. Injini ina ya mabuledi 20 yozungulira ka 100 pa sekondi nayonso itulutsa 2,000 yemweyo. Komanso woyendetsa akachepetsa mafuta, nambalayo imatsika, chikhalirecho injini ndi yomweyo. Choncho 2,000 payekha sanena kanthu. Kompyuta iyenera kupeza kaye liwiro la shafuti, ndodo yachitsulo imene imazunguza faniyo, kenako igawe, kuti itsale ndi chiwerengero cha mabuledi, chimene sichisintha ngakhale woyendetsa atani.

Nanga liwiro la shafutilo ilipeza kuti? Apa ndi pamene tupa yanga ija ikulowa. Mabuledi akanakhala ofanana ndendende, rada sikanasiyanitsa loyamba ndi lachisanu, ndipo sikanadziwa pamene mzungulo wathera. Koma safanana. Lina lapalidwa, lina lapindika pang'ono moti diso silingaone, lina ladyeka ndi mchenga. Buledi losiyanalo limabwera kamodzi kokha pa mzungulo uliwonse, ndipo limasiya timizere tating'ono pakati pa mizere ikuluikulu ija. Mpata wa timizereto ndiwo liwiro la shafuti. Tsiku limene ndinamvetsa zimenezi ndinakhala chete nthawi yaitali. Zaka zonse zija ndinkaganiza kuti ndikungochotsa chibenthu, osadziwa kuti tizilema totere ndito timathandiza munthu amene ali kutali kwambiri kuwerenga injini imene sakuiona.

Kuseri kwa fani kuli magudumu ena a kompuresa, opanikiza mpweya wolowa mu injini, lililonse ndi chiwerengero chake cha mabuledi, ndipo mafunde ena amadutsa m'mipata ya gudumu loyamba n'kukagunda lachiwiri. Manambala awiriwo amasakanikirana, kutulutsa mizere ina yowonkhetsa ndi yochotsera. Rada ikakhala kumbuyo kwa ndege, imasuzumira potulukira utsi n'kuwerenga mabuledi a tebaini, magudumu akumbuyo amene mpweya wotentha umawazunguza. Zonsezi kompyuta imakaziyerekeza ndi kaundula wa mainjini amene anthu anasonkhanitsa n'kumusunga mwachinsinsi, ndipo dzina limene lafanana kwambiri ndilo limatuluka pa sikirini yako.

Helikopita nkhani yake ndi yosavuta kumva. Mapiko ake ndi aatali, ndipo lililonse likatembenukira rada bwino limabweza mafunde mwamphamvu kamphindi, ngati galasi lothwanima padzuwa. Mapiko akakhala anayi, lobwera ndi lopita amathwanima nthawi imodzi. Akakhala asanu, amathwanima molandizana. Kale, asanabwere makompyuta amphamvu, asilikali a mizinga yogwetsera ndege ya HAWK ankavala mahedifoni n'kumamvetsera mafunde obwerera atasandutsidwa mawu, ndipo khutu lozolowera linkasiyanitsa jeti ndi helikopita.

Ndafotokoza motalika chonchi kuti uone wekha kumene dzina la pa sikirini limachokera. Rada siiona ndege monga uionera iwe. Siiona mbendera yopentedwa kumchira, siiona mazenera, siidziwa ngati m'katimo muli bomba kapena mayi woyamwitsa mwana. Imawerenga mabuledi. Ndipo injini si ndege. Boeing 737 yakale ya injini ya CFM56-3 ili ndi mabuledi 38, ya 737-800 ili ndi 24, ya MAX ya injini ya LEAP ili ndi 18: dzina limodzi, mawu atatu. Tembenuzanso. Injini ya mtundu wa CFM56-7B yomwe imanyamula anthu apaulendo ndi yomwenso ili pa P-8 Poseidon, ndege yankhondo yosaka sitima zoyenda pansi pa madzi. Injini ya F100 ili pa F-15, ilinso pa F-16. Ngakhale kompyuta italondola mtundu wa ndege osaphonya, funso la mwini wake limatsalabe. Pa nkhondo ya ku Gulf mu 1991, France inali ndi Mirage F1, Iraq nayonso inali ndi Mirage F1. Lero Ukraine ndi Russia onse amaulutsa MiG-29 ndi Su-27. Mabuledi ake ndi amodzimodzi, asiyana ndi amene akhala pampando.

Palinso nthawi zimene njirayi imangoti zii. Ndege ikakhala cham'mbali, mabuledi amabisika ndipo palibe chowerenga. Imafuna ndege yobwera chamaso kapena yothawa. Imafunanso kuti rada iyang'anitsitse chinthu chimodzi mpaka fani itazungulira kangapo, ndipo mtunda ukatalika timizere tating'ono tija timamira m'phokoso. Opanga ndege nawo sagona. Pa F-117, ndege yankhondo yopangidwa kuti izibisala kwa rada, anatchinga makomo a mpweya ndi chitsulo chobooka ngati sefa, timabowo take tochepa kuposa mafunde a rada. Pa F-22 ndi F-35 anakhotetsa mmero wa injini ngati chilembo S kuti woyang'ana kutsogolo asaone buledi ngakhale limodzi. Ndipo injini ikakhala yachilendo, yoti mu kaundula mulibe, chimene uyenera kufunsa aphunzitsi ako tsiku loyamba n'chakuti makina anuwo amatani: amavomera kuti sakudziwa, kapena amangokupatsa dzina loyandikira? Funso limeneli usaliope, ngakhale anzako akuseke.

Adzakuphunzitsanso IFF, kachipangizo kamene kanayamba pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, kofunsa ndege kuti ndiwe yani n'kudikira yankho lachinsinsi. N'kothandiza, koma kukhala chete kwa ndege si umboni woti ndi mdani. Kachipangizoko kamatha kufa, munthu amatha kuika nambala yolakwika. N'chifukwa chake mu 1991 malamulo omenyera nkhondo ankafuna maumboni oposa umodzi woyendetsa asanaponye mzinga pa ndege imene sakuiona ndi maso, ndipo F-15C, imene inali ndi IFF ndi NCTR pamodzi, ndiyo inagwetsa ndege zambiri za Iraq. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Mabuledi anene, IFF inene, njira imene ndegeyo ikutsata inene, ndandanda ya maulendo a tsikulo inene, ndipo zikasemphana usasankhepo chimene chikugwirizana ndi mantha ako.

Mantha ndiwo ndikuwaopa kuposa makina. Pa 3 July 1988, sitima yankhondo ya America ya USS Vincennes inagwetsa Airbus A300 ya Iran Air imene inkachoka ku Bandar Abbas kupita ku Dubai, akuiyesa ndege yankhondo ya F-14. Anthu 290 anafa, 66 mwa iwo anali ana. Atafufuza anapeza kuti makina a sitimayo anali atalemba kuti ndegeyo ikukwera, koma anthu a m'chipinda cholamulira ankalengeza kuti ikutsika kudzawaukira. Manambala anali pamaso pawo, mitima inali itagamula kale. Pa 14 April 1994, kumpoto kwa Iraq, ma F-15 awiri a America anagwetsa mahelikopita awiri a Black Hawk a dziko lawo lomwe, akuwayesa mahelikopita a Iraq a Mi-24. Anafa anthu 26. Black Hawk ili ndi mapiko anayi, Mi-24 ili ndi asanu, koma woyendetsa anadutsa mothamanga, nayang'ana, naona chimene ankayembekezera kuona. M'ndege ya AWACS, ndege yonyamula rada yaikulu yotsogolera ndege zankhondo, imene inkalondera deralo, munali anthu odziwa kuti kuli mahelikopita a kwawo, koma mawuwo sanafike kwa oponya mzinga. Ndipo pa 8 January 2020, Boeing 737-800 ya ku Ukraine inagwetsedwa itangonyamuka ku Tehran, anthu 176 n'kutha onse. Inali ndi mabuledi 24 omwe aja tawerengera limodzi papepala.

Nkhani ya AWACS ija uiganizire bwino, chifukwa mpando umene ukakhalepo ukufanana ndi umenewo. Ukakhala wamng'ono m'chipinda chodzaza akuluakulu, aliyense akufuula, ndipo udzaona kanthu kosagwirizana ndi zimene onse akunena. Pakamwa padzauma. Udzadziuza kuti mwina wina waona kale, mwina ndine ndalakwitsa. Nena basi. Nena mokweza, mwaulemu, ndi manambala: ikukwera, ili pa njira ya ndege za anthu, dzina la injini silinakhazikike. Ineyo ndinaimitsapo ndege usiku wina chifukwa cha buledi limodzi limene chala changa sichinakhutire nalo, bwana atakwiya, apaulendo akudikira. Titalichotsa tinapeza mng'alu kutsinde kwake. Ukali wa bwanayo unatha sabata yomweyo. Ndipo pamene sukudziwa, lemba kuti sichikudziwika. Mawu amenewa si ulesi, ndi lipoti lathunthu. Sindikuti uzizengereza pamene mdani weniweni akubwera, pakuti kuchedwa nakonso kumapha anzako. Ndikuti uphunzire makinawo mozama, kuti masekondi ochepa amene udzakhale nawo uwagwiritse ntchito poganiza, osati podabwa.

China chachifupi. Zonse ndalemba panozi zili m'mabuku amene aliyense angawerenge. Zimene ukaphunzire kumeneko, za kaundula uja, za mtunda umene rada yanu imafika ndi pamene imalephera, n'zachinsinsi. Usadzandiuze ine, usadzauze mayi ako, usadzajambule sikirini n'kuika pa WhatsApp ngakhale kwa mnzako wapamtima. Ndikadzakufunsa mwachidwi changa cha umakaniko, udzandikanize, ndipo sindidzakhumudwa.

Ukakhazikika, upemphe chilolezo tsiku lina upite ku hangala, kumene amakonzera ndege. Upeze makaniko wachikulire, umupemphe akuonetse injini yozima. Ukhuthule m'matumba, uzunguze faniyo ndi dzanja lako, umve kulira kwake, uwerenge mabuledi limodzilimodzi, ndipo umufunse akuonetse limene linapalidwapo. Mayi ako akuti utenge juzi ija, m'zipinda za makina mumazizira usiku.

Ndine,
Bambo ako