Tithokoze dokotalayu posula ena ngati iwo

A Mkonzi,

Malemu dokotala wa maopaleshoni amene munalemba za moyo wawo sabata yatha tisawathokoze ndi nkhata za maluwa zokha. Boma lisule madokotala ena otere ndi kuwasunga kuno kumpoto.

Mchemwali wanga ali moyo lero chifukwa cha manja a bambowa. Matumbo ake atapotana, anamuchita opaleshoni pakati pa usiku, m'mawa mwake n'kubweranso kudzatifotokozera modekha zomwe anapeza. Sanali munthu wapatali. Tinkawaona pamsika ali ndi ana awo, ndipo pamaliro a m'dera lathu ankakhala pansi limodzi nafe.

Nkhawa yanga ndi iyi. Chipatala chachikulu cha Mzuzu, chomwe chinatsegulidwa mu 2000, chimalandira odwala ochokera ku Chitipa, Karonga, Rumphi, Nkhata Bay, Mzimba, ngakhalenso ku Likoma. M'zipatala za m'maboma maopaleshoni ambiri, makamaka a amayi oyembekezera, amachita ndi ma clinical officer, ndipo malemuwa ankapita kukawaphunzitsa. Nanga apitirize ndani?

Unduna wa Zaumoyo ulipirire madokotala achinyamata ochokera ku yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu (KUHeS) maphunziro a opaleshoni a COSECSA, bungwe lophunzitsa madokotala a maopaleshoni kum'mawa, pakati ndi kumwera kwa Africa. Akamaliza, uwapatse nyumba zabwino kuti abwere ndi mabanja awo, chifukwa dokotala amene ana ake ali ku Blantyre sakhalitsa kuno. Upereke galimoto ndi mafuta kuti mwezi uliwonse azifika m'zipatala za m'maboma.

Wowerenga wanu,
Chibavi, Mzuzu