Lipoti la nthumwi pa msonkhano wa malipiro otsikitsitsa

A Wapampando ndi mamembala nonse, ife amene munatituma tabwerako. Munatiuza kuti tikamenyere kukweza ndalama, koma taona kuti ndalamayo imafota msanga ngati lamulo silinena kuti idzaunikidwanso liti, ndipo oiunika adzakhala ndani.

Zokambirana zinatsamira pa Pangano nambala 131 la ILO, bungwe loona za ntchito pa dziko lonse lapansi, la mu 1970. Limati poika malipiro otsikitsitsa aziona zosowa za wantchito ndi banja lake, komanso mphamvu za chuma kuti ntchito zisathe. Limatinso boma lizifunsa mabungwe a olemba ntchito ndi a ogwira ntchito, ndipo malipirowo azisinthidwa nthawi ndi nthawi. Apa ndi pamene tinakhalitsa, chifukwa panganolo silitchula miyezi kapena zaka. Ku United States malipiro otsikitsitsa a dziko lonselo aima pa $7.25 pa ola kuyambira mu 2009, podikira kuti aphungu a nyumba ya malamulo ya Congress awakweze. Ku Britain, kumene anayambira pa £3.60 pa ola mu 1999, bungwe lounika malipiro otsikitsitsa la Low Pay Commission limapereka maganizo ake ku boma chaka ndi chaka. Tawerengani nokha: mitengo ikamakwera ndi 20 peresenti pa chaka, pakatha zaka ziwiri ndalama 100 imagula zomwe kale zinkagulidwa ndi 69.

Pa kawerengedwe, ndandalikani antchito onse kuyambira wolandira zochepa mpaka wolandira zambiri, mutenge malipiro a amene ali pakati pa mzere. Lamulo la mu 2022 la European Union, mgwirizano wa maiko a ku Ulaya, limatchula 60 peresenti ya malipiro amenewo ngati chitsanzo cha muyezo. Ife tikuti muyezowu pawokha ngosakwanira, poti kumene anthu ambiri amalandira zochepa, 60 peresentiyo ndi njala ndithu. Uziyendera limodzi ndi mtengo wa chakudya, lendi, mayendedwe, sukulu ndi mankhwala pa mwezi, wogawidwa ndi chiwerengero cha olandira malipiro pabanjapo.

Olemba ntchito anati akakweza achotsa anthu. Tinawakumbutsa kuti dera la New Jersey ku United States litakweza kuchoka pa $4.25 kufika pa $5.05 pa ola mu 1992, akatswiri a zachuma David Card ndi Alan Krueger sanapeze kuti ntchito zachepa m'malo odyera amene anafufuza. Komabe tisanamizane, kumeneko kunali kukweza kwapang'ono.

Chotiwawa ndi kuzemba lamulo: kulemba maola ochepa pamene munthu wagwira ambiri, kudula za nyumba ndi chakudya mpaka malipiro atsike, kusandutsa wantchito wokhazikika kukhala waganyu, kapena kulipira potengera kuchuluka kwa ntchito pa muyezo woti munthu sangaufikire pa tsiku. Antchito a m'nyumba ndi a m'minda ndiwo amapwetekeka kwambiri, chifukwa oyendera malo antchito safikako.

Tikupempha komiti ivomereze kuti tikaumirire kuunika kwa chaka chilichonse, malire a zodula pa malipiro, ndi chilango choposa ndalama imene bwana wabisa. Membala aliyense ayambe kusunga mapepala a malipiro ndi kulemba maola ake m'kope, tidzawasonkhanitse pa msonkhano ukubwerawu.