Tisheti yakuda ija yandiputira mlandu

Mufakose, Harare
29 May 2016

Aise Gilbert,

Kalata yako yafika, pamodzi ndi chithunzi chija. Wanenepa bwanji, ngati kapitawo wa pa esiteti! Ukufunsa ngati ndinapitadi ku Joni kukaonera gulu loimba lija la Iron Maiden. Ndinapita. Ndipo pamene ndikulemba pano khutu lakumanzere likungolira kuti ngwiii, ngati mwalowa udzudzu wokana kutuluka. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chitatu.

Ndinakwera basi pa Roadport Lachinayi madzulo. Ndalama yake ndinachita kuitolera pang'onopang'ono, poti masiku ano kubanki timafola kuyambira mbandakucha n'kupatsidwa zongogulira ufa. Akuti atibweretsera ndalama zatsopano zapepala, ma bond note, aliyense akungopukusa mutu. Mpando umene ndinakhalapo unali wothyoka msana, ndiye tangoganiza, makilomita oposa 1,000 nditakhala chilili ngati mboni kukhoti. Ku Joni ndinafikira kwa Yohane. Akupereka moni, koma kutsagana nane anakana, akuti phokoso la pa ntchito limamukwana.

Loweruka pa 21 ndinali pa kapinga wa Carnival City ku Brakpan, kunja kukuzizira koopsa, ine nditavala jekete la suti lija ndinagulira ukwati wa Esinati. Ena onse zakuda zokhazokha, tsitsi mpaka m'mapewa, ambiri azungu a imvi, ena atagwira ana awo pa dzanja. Mmodzi, chimphona cha ndevu, anayang'ana jekete langalo n'kuseka, kenako n'kundigawira mowa wake. Sitinamvane ngakhale liwu limodzi, chifukwa nthawi yomweyo magetsi anathima, anthu n'kukuwa.

Gilbert, Iron Maiden ija tinkaimvera pa kaseti ya Dyson, yozunguza ndi bolopeni kuti tisathe mabatire, si imeneyi. Iyi sumvera ndi makutu. Ng'oma imakumenya pachifuwa, besi ya Steve Harris imakulowa m'mimba ngati akavalo akuthamanga. Munthu ameneyu anayambitsa gululi mu 1975 ku London, pano wakwanitsa zaka 60, koma amathamanga pa nsanja ngati mwana wothawa mkwapulo, n'kumaloza anthu ndi gitala ngati mfuti. Wa ng'oma, Nicko McBrain, ali ndi 63. Oimba magitala alipo atatu, mmodzi amangoliponya m'mwamba lake n'kuliwakha. Nanga woimba wawo, Bruce Dickinson? Chaka chatha chomwechi ankalandira mankhwala a khansa ya pa lilime, chaka chino akukuwa pafupifupi maola awiri osapuma, ndipo ndege yawo ya Boeing 747 amayendetsa nawo iye yemweyo. Ine wa zaka 52 ndinangolumpha katatu bondo n'kuti thoo. Ndinachita manyazi ndi madala aja.

Kenako kunatulukira Eddie. Ukumukumbuka, chigaza chija cha pa chikuto cha kaseti? Anabwera wamtali kuposa chitseko, atadzipaka ngati wa mtundu wa Maya, akuyenda modzikoka, Bruce n'kumuzula mtima pachifuwa n'kuuponyera ku gulu. Azungu anakuwa ngati aona zachilendo. Ine ndinangoseka ndekha: ameneyu ndi makanja basi, amene ankatithamangitsa ku Mbare tili ana. Kungosowa fumbi ndi amayi owomba m'manja.

Tsono mlandu wanga ndi uwu. Potuluka ndinagula tisheti yakuda yokhala ndi nkhope ya Eddie, ndalama yake usandifunse. Nditafika kuno alamu ako anaichapa limodzi ndi zovala zina osaiyang'ana, n'kuiyanika pa waya kutsogolo kwa nyumba, pomwe aliyense wodutsa amaona. Tsoka ilo, tsikulo kunali kubwera amayi akumpingo kudzapemphera. NaPhiri ndi amene anayamba kuiona. Akuti anangoima pageti, chikwama m'manja, osalowa. Pofika madzulo nkhani inali itafika kale ku Dzivarasekwa: bambo a Chisomo anapita ku Joni kukalowa za satana, abwerako ndi yunifolomu yake. Mawa lake inali itakula, akuti ndinakatenga chizimba cha bizinesi. Bizinesi yake iti? Ndikanakhala ndi chizimba ndikanamafola kubanki?

Alamu ako sakundiyankhula bwino. Nsima akuphika, koma mbale amaiika patebulo mwamphamvu ndithu. Tisheti anaibisa, ndafufuza m'sutikesi monse, pansi pa matiresi, ngakhale m'thumba la makala. Ndikuganiza kuti anaiotcha, chifukwa Lachinayi kuseri kunkanunkha pulasitiki. Dzulo abwera akulu ampingo awiri, akuti angodzacheza. Anamwa tiyi makapu awiriawiri, buledi yense anatha, maso ali m'makoma ngati akufuna chigaza china. Ndinawauza kuti anthu aja amaimba za nkhondo zakale ndi mbiri ya anthu, ngati buku la kusukulu, kungoti mokuwa. Za mbuzi yaikulu ya nyanga imene anaiimika kumbuyo kwa nsanja chakumapeto sindinatchule, ndipo iwenso usakatchule ukamaimbira foni mlongo wako, pakamwa pake umapadziwa.

Khutuli nalonso alipezera tanthauzo, akuti ndi mizimu ikundiitana. Usiku ndikagona limalira kwambiri, ndiye ndimayamba kuwerengera: ndikagontha ndidzamva bwanji makasitomala? Agogo aja a ku Dedza anagontha ali ndi zaka zingati? Chisomo akuti ndipite kuchipatala. Paja Chisomo akutomeredwa, chinkhoswe mu August, mnyamata wake ndi wa ku Mabvuku, waulemu ndithu. Denga la kukhitchini likudonthabe.

Iwe ndiye umandinyansa. Zaka 14 uli ku England, kwawo kwenikweni kwa anthu amenewa, sitima imodzi basi, koma sunapiteko n'kamodzi komwe. Ntchito, ntchito. Udzapita atayamba kuyendera ndodo?

Pakati pa nyimbo ina yakale, anthu onse akuyimba limodzi popanda wowatsogolera, ndinatembenuka kuti ndimugwire Dyson paphewa. Ndinaiwaliratu, aise. Kumanzere kwangako kunali chimphona cha ndevu chija. Dyson ndi amene ankati tsiku lina tidzawaona ndi maso atatufe, ife n'kumamuseka. Manda ake mpaka pano alibe mwala, ndipo ndalama imene ndinawonongera ulendowu ikanatha kugula theka lake. Zimenezi sindinauze munthu. Amayi ake ndinakumana nawo ku Mbare Musika akugula tomato, anandifunsa za iwe, ine ndinangoti uli bwino, kenako anandigwira dzanja nthawi yaitali osanena kanthu, ndiye ndimati ndikufunse ngati iwe ndi ine tingathe

Magetsi apita, ndipo kandulo watsala kachidutswa. Ukapeza tisheti ina kumeneko, saizi XL, utumize kwa Yohane, osati kuno.

Ndine,
Lameck